Kusankha Zosungira Mabakiteriya M'thanki ya Makorali ya Madzi Amchere

Thanki ya makorali imene ili ndi miyala yokwanira komanso mchenga pansi kawirikawiri sifunanso kuti mugule china chosungira mabakiteriya. Ndayambira pamenepa chifukwa m'masitolo a nsomba zoweta, kaya ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Manchester, shelefu ya zosefera madzi imakhala yodzaza ndi timipira tapulasitiki, timphete tagalasi, njerwa zoyera zopepuka ndi timiyala ta timabowo, ndipo bokosi lililonse limalonjeza malo aakulu okhalamo mabakiteriya kuposa linzake. Munthu amene anazolowera kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi amabwera ndi chizolowezi chodzaza sefa ndi timphete mpaka pakamwa. Kwa mbuna n'zoyenera, popeza nsombazo zimadya kwambiri, zimadetsa madzi kwambiri, ndipo nitrate, chotsalira cha zonyansa zawo m'madzi, ikakwerako sizivutika msanga. Makorali sali choncho. Amafuna madzi amene nitrate yake ili yochepa koma yosatheratu, ndipo chimene mwaika mu sefa chingakuthandizeni kufika pamenepo kapena kukusokonezani.

Choyamba, dziwani ntchito imene mukufuna igwiridwe

Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zimene zimapumira, ndipo chakudya chotsala chikawola chimawonjezera wina. Amoniya ndi poizoni, ndipo gawo lake limene limapha limachuluka pH ikakwera, kutanthauza asidi akachepa m'madzi. Madzi a m'thanki ya makorali amakhala pa pH ya pakati pa 8.1 ndi 8.4, choncho ngozi yake ndi yaikulu. Gulu limodzi la tizamoyo limasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndipo gulu lina, monga Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Tizamoyoti sitiyandama m'madzi kwenikweni, timamatirira pa zinthu. Mu 2005 akatswiri analengeza za kachamoyo kotchedwa Nitrosopumilus maritimus, kodya amoniya, kamene anakapeza pa timiyala ta pansi pa thanki ya madzi amchere ku Seattle Aquarium. Sikanapezeke m'chipangizo chodula ayi, koma pa timiyala wamba. Mwala, mchenga, galasi, mkati mwa mapaipi, ponse pamene madzi okhala ndi okosijeni akudutsa, pamakhala mabakiteriya.

Pali sitepe yachitatu imene ambiri amaiwala. Mabakiteriya ena amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nitrogen umene umachoka m'madzi, koma amachita zimenezi pokhapokha pamalo pamene okosijeni ndi wochepa kwambiri, monga mkatikati mwa mwala wa timabowo kapena pansi pa mchenga wakuya. Ndiye musanatulutse ndalama, dzifunseni kuti vuto lanu ndi amoniya kapena ndi nitrate, chifukwa chimene chimathetsa limodzi sichithetsa linzake.

Mfundo ina ndi yakuti mabakiteriya amachuluka molingana ndi chakudya chimene akupeza, osati molingana ndi malo amene mwawapatsa. Kumanga makola 10 muli ndi madeya okwanira nkhuku 5 sikuwonjezera nkhuku. Nsomba 4 zazing'ono zimadyetsa mabakiteriya ochepa okha, ndipo njerwa zowonjezera zimangokhala mosungira litsiro.

Chachiwiri, werengani zimene muli nazo kale

Sefa yaikulu ya thanki ya makorali ndi miyala imene makoraliwo akhalapo. Njira imeneyi, ya miyala yambiri, skimmer yamphamvu (chipangizo chochotsa litsiro m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) ndi madzi oyenda bwino, inayambira kwa oweta a ku Berlin m'ma 1970, ndipo mpaka lero mathanki ambiri amayendera yomweyo. Muyezo wakale unali kilogalamu imodzi ya mwala pa malita 8 mpaka 10 a madzi. Thanki ya malita 200 inkatenga makilogalamu 20 kapena 25. Ngati mwafika pamenepo, kapena ngakhale pa theka lake ndi nsomba zochepa, ntchito ya amoniya yakwanira kale.

Kulemera kokha sikunena zonse. Nyamulani mwalawo m'manja. Wabwino umaoneka waukulu koma umapepuka, ndipo mukauviika m'madzi umatulutsa tithovu kwa kanthawi chifukwa madzi akulowa m'timabowo. Mwala wolemera wosalala uli ndi malo akunja okha. Miyala yotola kumtsinje kapena kuphiri musaikemo, chifukwa ina imatulutsa zitsulo zimene zimapha makorali ndi nkhono.

Miyala ilipo ya mitundu iwiri. Yamoyo, imene m'sitolo amaitcha live rock, imabwera yonyowa kuchokera m'nyanja ili kale ndi mabakiteriya, ndere zofiirira zolimba, tinkhanu ndi tinyongolotsi. Imakhwimitsa thanki msanga kuposa china chilichonse, koma imabweretsanso alendo osaitanidwa monga Aiptasia, kanyama kamene kamawotcha makorali. Kupezeka kwake kunachepa: dziko la Fiji, limene linkatumiza yambiri, linaletsa malondawa kumapeto kwa 2017, ndipo ku Florida kukumba miyala yachilengedwe m'nyanja kunaletsedwa kale m'ma 1990, kotero ya kumeneko ndi imene alimi amaiika dala m'nyanja kwa zaka kuti imere zamoyo. Kuwoloka nayo malire kumafuna mapepala a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi. Youma, monga ya Marco Rocks yokumbidwa pamtunda ku Florida kapena yopangidwa m'fakitale, ndi yotsika mtengo komanso ilibe tizilombo, koma imayamba yopanda moyo ndipo imatenga miyezi kuti ikhazikike. Mwala wouma umene unakhalapo m'nyanja kapena m'thanki ya munthu wina umasunga fosifeti, mchere umene umadyetsa ndere. Uviikeni m'chidebe cha madzi amchere chokhala ndi pampu, pamdima, n'kumayeza fosifeti mlungu uliwonse mpaka itasiya kukwera. Ineyo ndimakonda kusakaniza: youma yambiri, ndi tizidutswa tochepa tamoyo tochokera m'thanki yodalirika kuti tifese zamoyo.

Mchenga ukhale wa aragonite, mtundu wa laimu umene umapanga mafupa a makorali. Masentimita 2 mpaka 5 ndi okwanira kukongoletsa ndi kusunga mabakiteriya, ndipo n'zosavuta kuuyeretsa. Mchenga wakuya, wa masentimita 10 mpaka 15, umachotsa nitrate koma sufuna kutakasidwa, chifukwa pansi pake pangathe kuunjikana mpweya wonunkha ngati dzira lovunda umene ndi poizoni. Woyamba kumene asankhe wosaya.

Zowonjezera zimafunikadi pa zifukwa zochepa: ngati mwamanga ndi miyala yochepa kuti nsomba zikhale ndi posambira, ngati pansi palibe mchenga, ngati ndi thanki yolerera tizidutswa ta makorali pa mashelefu apulasitiki, ngati nsomba zanu ndi zazikulu zodya kwambiri, kapena ngati ndi thanki yosungiramo nsomba zatsopano. Ngati simuli m'gulu limeneli, ndalamazo gulirani skimmer yabwino kapena zoyezera madzi.

Chachitatu, sankhani mtundu wogwirizana ndi vuto lanu

Timipira tapulasitiki totchedwa bio balls tinatchuka m'ma 1980 pamodzi ndi masefa amene madzi amadontha pa timipirato mumpweya. Pochotsa amoniya palibe chotiposa, chifukwa okosijeni ndi wambiri. Koma ntchito yake imathera pa nitrate. Pulasitiki ilibe mkati mobisala mabakiteriya a sitepe yachitatu, ndipo pakati pa timipirato pamakodwa zinyalala zimene zimawola pang'onopang'ono. N'chifukwa chake oweta makorali ambiri anatisiya. Kunena zoona, timipirato sitipanga nitrate patokha, timangomaliza msanga zimene mwadyetsa nsomba. M'thanki ya nsomba zokha timagwira bwino ntchito. Ngati mwagula thanki yakale ili nato ndipo mukufuna makorali, musatichotse tsiku limodzi. Chotsani dzanja limodzi kapena awiri pa mlungu uku mukuyeza amoniya, kuti mabakiteriya a m'miyala achuluke n'kutenga ntchitoyo.

Tizidutswa tapulasitiki totchedwa K1, tonga timawilo, tinachokera ku ntchito yoyeretsa madzi a zonyansa ku Norway. Timazungulira m'madzi pokankhidwa ndi mpweya ndipo timadziyeretsa tokha pokhulana. Nato ndi ta amoniya ndi nitrite basi. Ndi tabwino m'mathanki a nsomba zambiri, koma pa makorali sindiona chifukwa chotigulira.

Njerwa zopepuka za dongo lowotcha, monga za MarinePure, ndizo zimayesa kutsanzira mwala wa m'nyanja. Zimabwera ngati timipira ta masentimita pafupifupi 4, ngati mbale zopyapyala, kapena ngati njerwa yaikulu ya masentimita 20 m'litali, 20 m'lifupi ndi 10 kuchindikala. Mukathira madzi pamwamba pake amatulukira pansi, umboni wakuti timabowo take ndi tolumikizana. Timipira ndi mbale zopyapyala zimathandiza pa amoniya. Njerwa yochindikalayo, ikaikidwa pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono, ndiyo ingakhale ndi mkati mopanda okosijeni. Zovuta zake n'ziwiri. Zimafumbutuka: mukakanda ndi chikhadabo zimasiya ufa m'manja, ndipo ufawo ukalowa m'pampu umaidya. Komanso dongo la njerwa zamtunduwu limakhala ndi aluminiyamu, ndipo oweta ena aona aluminiyamu akukwera m'madzi atatumiza kukayezetsa ku labotale ndi njira ya ICP, imene makampani monga Triton ndi ATI a ku Germany amachita. Ngati mukuweta makorali ofewa onga chikopa ndipo ayamba kukhala otseka mutangoika njerwa, yezetsani madziwo.

Timphete tagalasi lowotcha, monga Siporax ya kampani ya Sera, ndi tolimba ndipo sitifumbutuka msanga. Bowo la pakati limalola madzi kudutsa, choncho zinyalala sizikodwa kwambiri. Ena amatiyala bwinobwino m'kabasiketi, mabowo onse ataloza kumene madzi akuchokera. Ndi ntchito yotopetsa ya madzulo amodzi, koma pambuyo pake kuyeretsa kumaphweka. Kwa munthu amene ali ndi sump, thanki yapansi ija imene mumakhala zipangizo, ndipo akufuna chowonjezera chimodzi chosavuta, ndingamulozere timpheteti.

Timiyala monga Matrix ya Seachem timakwana bwino m'tizipinda ta kumbuyo kwa mathanki aang'ono. Kampani yomweyo ili ndi tina tating'ono totchedwa de*nitrate, ndipo imanena yokha kuti madzi asapitirire malita pafupifupi 200 pa ola ngati mukufuna kuti tichotse nitrate. Malangizo amenewa akuphunzitsa zambiri: kuchotsa nitrate kumadalira liwiro la madzi kuposa dzina la pabokosi.

Zidutswa za mwala zotsala pomanga n'zaulere ndipo timanyama ting'onoting'ono timene nsomba zimadya timaswana bwino mmenemo. Zimasunga litsiro, ndiye ziikeni m'kabasiketi konyamulika. Siponji ndi yotsika mtengo koma imadzaza msanga, ndipo m'thanki ya makorali imafuna kutsukidwa masiku angapo alionse.

Manambala aakulu a pabokosi musawakhulupirire kwambiri. Ena amayezedwa ndi mpweya umene umalowa m'timabowo tochepetsetsa, pamene bakiteriya mmodzi, wa kukula pafupifupi micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), sangakwanemo. Ndipo pakapita miyezi, utoto woterera wa mabakiteriya ndi litsiro zimatseka timabowo tambiri. Funso labwino pogula ndi lakuti: kodi ndidzatha kuchitulutsa ndi dzanja limodzi n'kuchitsuka?

Chachinayi, ikani pamalo oyenera

Madzi ayambe adutsa pa chosefera zinyalala asanafike pa zosungira mabakiteriya. Mu sump, choyamba chikhale kathumba ka filter sock ka ma micron 200 kapena thonje losefera, kenako skimmer, kenako timphete kapena njerwa. Kathumbako kasinthidwe masiku 3 kapena 4 alionse, apo ayi nako kasanduka kowoletsera zinyalala. Zosungira mabakiteriya zimire m'madzi nthawi zonse, ndipo zikwezeni pang'ono pa kashelefu kapulasitiki kuti litsiro lizidutsa pansi n'kumapopedwa ndi paipi. Musaziike pansi pa nyali ya mu sump, chifukwa ndere zikamera pamwamba zimatseka timabowo. Mukagwiritsa ntchito kathumba ka neti, musakadzaze mothinana, poti madzi amalambalala chinthu chothinana.

Chachisanu, yambitsani mabakiteriya nsomba zisanalowe

Tsukani zonse m'madzi a RO/DI (osefedwa ndi makina ochotsa zonse zosungunuka m'madzi) mpaka ufa utatha. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amapha mabakiteriya. Sungunulani mchere wa makorali mpaka refractometer, kachipangizo koyezera mchere, iwerenge 35 ppt, kapena 1.026, ndipo kutentha kukhale madigiri 25 kapena 26. Thirani ammonium chloride, mankhwala opereka amoniya, mpaka choyezera chisonyeze 2 ppm (mamiligalamu 2 pa lita). Musachulutse, chifukwa amoniya wopitirira muyezo amachedwetsa ntchito m'malo moifulumizitsa. Kenako thirani mabakiteriya a m'botolo, monga Dr Tim's One and Only kapena Fritz TurboStart 900, kapena ikani timphete tochokera m'thanki yokhwima yopanda matenda. Zimitsani skimmer ndi nyali ya UV yophera tizilombo m'madzi masiku oyambirira kuti mabakiteriyawo apeze pomata.

Yezani masiku awiri kapena atatu alionse. Mudzaona amoniya akutsika, nitrite ikukwera kenako n'kutsika, nitrate ikuyamba kuoneka. Nitrite ikadalipo, zoyezera nitrate zambiri zimawerenga mokokomeza, ndiye musachite mantha ndi nambala imeneyo. Kawirikawiri zimatenga milungu 2 mpaka 6. Kuti mutsimikize, thiraninso amoniya pang'ono, ndipo ngati watha pasanathe maola 24, sefa yadzuka. Sinthani gawo lalikulu la madzi, ikani nsomba imodzi kapena ziwiri, ndipo dikirani milungu ingapo musanawonjezere zina.

Chachisanu n'chimodzi, lolani zoyezera zikuuzeni chochita

Amoniya azikhala pa 0. Nitrate ya pakati pa 2 ndi 10 ppm ndi fosifeti ya pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm zimayenera makorali ambiri. Zoyezera za Salifert kapena Red Sea n'zokwanira pa nitrate, koma fosifeti yochepa chonchi imaoneka bwino ndi kachipangizo ka Hanna.

Nitrate ikakwera n'kupitirira, musathamangire kugula njerwa ina. Yambani mwaona kuchuluka kwa chakudya, kathumba kamene kakhalitsa, litsiro la pansi pa sump, ndi skimmer ngati ikutulutsadi madzi akuda onunkha m'kapu yake. Kusintha madzi okwana 10 peresenti pa mlungu kumathandiza. Chipinda cha mu sump cholimamo ndere za Chaetomorpha, zonga waya wobiriwira wopotana, chimachotsa nitrate ndi fosifeti moonekeratu, popeza mumakolola nderezo ndi manja n'kukataya. Njerwa yochotsa nitrate imatenga miyezi kuti iyambe, ndipo m'mathanki ena kusiyana kwake kumakhala kochepa.

Vuto la mbali inayo lafala masiku ano, makamaka m'mathanki oyamba ndi miyala youma: nitrate ndi fosifeti zonse kufika pa 0. Makorali amayera ngati atsukuluka, ndipo pa mchenga pamamera tizingwe tabulauni toterera tokhala ndi tithovu, timene timachepa usiku n'kubweranso nyali zikayaka. Amenewa ndi ma dinoflagellate, ndipo ena ali ndi poizoni wopha nkhono. Zikatero chepetsani zochotsa nitrate, dyetsani nsomba mowonjezerako, ndipo lolani manambalawo akwere pang'ono.

Poyeretsa, gwiritsani ntchito madzi amene mwachotsa m'thanki tsiku losintha madzi. Viikani kabasiketi m'ndowa, kagwedezeni mpaka litsiro labulauni litatuluka, n'kukabwezera msanga kasanaume. Osakwecha ndi burashi. Tsukani theka mwezi uno, theka linalo mwezi wamawa.

Thanki ya nsomba zatsopano

Apa ndi pamene zosungira mabakiteriya zimapulumutsadi nsomba, chifukwa thanki imeneyi imakhala yopanda miyala ndi mchenga. Miyala ya makorali ndi aragonite zimayamwa mankhwala a copper ochizira matenda a timadontho toyera, kotero mlingo wa mankhwala umatsika osadziwika, kenako zimadzawatulutsanso. Sankhani siponji kapena timipira tapulasitiki. Sungani siponji imodzi mu sump ya thanki yaikulu kwa mwezi kapena kuposerapo, kuti tsiku logula nsomba mungoisamutsa ili ndi mabakiteriya kale. Ikakhudzana ndi copper isabwererenso kwa makorali, chifukwa copper wochepa chabe amapha makorali, nkhono ndi tinkhanu. Itayeni, mugule ina. Matani pa galasi kabaji ka Ammonia Alert, kamene kamasintha mtundu m'madzi mukakhala amoniya, ndipo amoniya akaoneka sinthani madzi. Mankhwala ochepetsa ululu wa amoniya musawathire m'madzi amene muli copper, popeza ena amachititsa copper kukhala waululu kwambiri.

Kumene magetsi amazimazima

Amene ali ku South Africa anaona za load shedding, ndipo ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe nkhani ya kuzima kwa magetsi si yachilendo. Zimenezi zilowe m'kusankha kwanu. Sefa yotseka ya canister pampu ikaima, mabakiteriya amamaliza okosijeni wa mkatimo m'maola ochepa, ndipo magetsi akabwera imalavulira madzi ovunda m'thanki. Timipira ta sefa yodontheza timauma. Timphete kapena njerwa zomira mu sump yotseguka zimapirira nthawi yaitali, ndipo miyala ya m'thanki momwemo imapirira koposa malinga madzi akugwedezeka. Ndiye ngati batire kapena inverter yanu ndi yaing'ono, lumikizani kaye pampu yoyendetsa madzi m'thanki yaikulu, nyali ndi skimmer zidikire. Khalaninso ndi kapampu ka mpweya ka mabatire, mwala wake wotulutsa thovu umodzi m'thanki ndi wina mu sump pafupi ndi kabasiketi. Ngati muli ndi canister ndipo magetsi akhalitsa, izuleni pa soketi, itseguleni, tayani madzi a mkatimo, tsukani timphete m'madzi amchere, kenako muiyatse. Masiku atatu otsatira dyetsani nsomba pang'ono ndipo yezani amoniya m'mawa uliwonse.